Mlongo Wanga Woponya Mpila ku Amelika

Ine ndi mlongo wanga tinabadwa m'mimba imodzi, koma atate athu ndi osiyana. Atate anga anamwalila ndili wamng'ono, ndipo amai anakwatiwanso ndi aphunzitsi ena ochokela kumwela, amene boma linawatumiza pasukulu yakwathu ku Kalindawalo. Mlongo wangayo anabadwa ine nditayamba kale kutunga madzi, motelo ndinamubeleka kumsana kuposa mmene amai anamubelekela.

Anali ndi dzanja kuyambila ali mwana. Anzake akamagwetsa mango ndi nsungwi, iye ankangotola mwala, kuyang'ana m'mwamba, n'kundifunsa kuti, "Asisi, mufuna liti?" Limene ndaloza ndi limene linkagwa.

Asanafike pakati pa pulaimale, atate ake anapeza mwai wokaphunzila ku Amelika kudzela ku mpingo. Anati atengelatu mwanayo kuti akayambe sukulu yabwino, amai adzatsatila mapepala akatuluka. Amalume anakana, poti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Koma amai anati, "Msiyeni apite, achimwene. Kuno adzangolima thonje ngati ife." Tinawapelekeza panjinga mpaka ku boma la Petauke. Mapepala a amai sanatuluke, ndipo patapita zaka tinamva kuti aphunzitsi aja anakwatila konko.

Nkhani za mwanayo zinkatifika mwa apo ndi apo. Anayamba kutiimbila yekha mafoni atafala kwathu, ine nditakwatiwa ku Nyimba kumene ndimagulitsa nthochi pamsewu waukulu. Chinsenga chake, chilankhulo cha kwathu, chinali chitaima pamsinkhu umene anachokela. Mau anali a bambo wamkulu koma kalankhulidwe ka mwana, ndipo zikamuthela ankalowa m'Chingelezi, ine n'kumatolako zimene ndinaphunzila kusukulu.

"Asisi, ine nisewela mpila," anandiuza tsiku lina. "Koma osati wa miyendo uja. Wa manja."

Ananditumizila timavidiyo pafoni. Mpila wake unali wooneka ngati papaya, ndipo osewela anavala zipewa zolimba ngati za okwela njinga zamoto. Iye anali amene amamutcha kotabeki. Anandifotokozela kuti ameneyu ndiye mutu wa timu. Ndi iye amauza anzake kothamangila, ndi iye amalandila mpila poyamba n'kuuponya kutali kwa mnzake amene ali paliwilo. Nthawi yonse imene mpila uli m'manja mwake, zimphona za timu inayo zimakhala zikukankhana ndi anzake kuti zimufike ndi kumugwetsa.

Dzanja lija ndi limene linamuphunzitsa ku koleji. Atamaliza, timu ina yaikulu inamulemba ntchito, koma ngati wodikila pabenchi. Anakhala zaka akuvala zovala zonse za masewela, n'kumaonelela anzake ataimilila m'mbali mwa bwalo. Kenako kotabeki mwini malo anathyoka mwendo, ndipo iye analowa. Tsiku limene anandiuza zimenezi ankaseka ngati mwana, mpaka mau ankamuthawa.

Ndinakwela basi kupita kumudzi kuti amai akaone okha. Ndinawapeza pakhonde akuswa nsawa. Anapukuta manja pachitenje n'kuigwila foniyo ndi manja awili.

"Ali kuti?"

"Uyo wagwila mpilayo, amai."

"Nanga nkhope abisilanji?"

Mlongo wanga anauponya mpila, unauluka nthawi yaitali, mnzake n'kuuwakha, ndipo khamu lonse linaimilila. Amai anamwetulila. Koma kavidiyo kotsatila kanaonetsa chimunthu china chikumuomba chakumbuyo iye asakuona. Mutu wake unamenya pansi n'kunjanja, ndipo anagona osagwedezeka.

"Nanga anthu onsewo akuombela m'manja chiyani?" anafunsa amai.

"Ndi masewela, amai. Anadzuka pambuyo pake."

"Mwana wanga wagona pansi, iwo akukondwa?"

Anandibwezela foni ndipo sanafunenso kuonela. Anati ndimuuze abwele kwao, munda ulipo. Nditamuuza anaseka. "Auzeni amama kuti masewela a chaka chino akatha nibwela."

Masewela a chaka chimenecho anatha, ena n'kuyamba. Mwini malo uja anachila, mlongo wanga n'kubwelela pabenchi. Kenako timuyo inamuchotsa, ina inamutenga, madokotala anamung'amba phewa, ndipo anakapezeka akusewela m'matimu ang'onoang'ono kudela lina lozizila kwambili. Sanatiiwale. Feteleza sankasowa pakhomo pa amai, ndipo anawamangila nyumba ya njelwa. Koma iye mwini sankabwela. Amai atayamba kutupa miyendo ndinamuuza mosabisa kuti zinthu sizili bwino. Nthawi imeneyo n'kuti akuyesedwa ku timu ina yatsopano.

"Asisi, nikachoka lelo malo anga atenga wina. Nipilileni pang'ono."

Amai anamwalila mvula ili mkati. Malo a ku timu aja sanamupatse.

Anabwela chilimwe chotsatila. Ndinali pamalo anga ogulitsila pamene basi ya ku Lusaka inaima. Munatsika munthu wamtali, wa mapewa otakata, atavala magalasi akuda, koma akuponda pansi mosamala ngati nkhalamba. Anayang'ana uku ndi uku pakati pa azimai tonse tonyamula nthochi, kenako anati, "Asisi?" Ndinataya beseni. Anzanga ankalulutila, ine ndikungolila, nditamugwila malaya chifukwa khosi lake sindikanalifika.

M'mawa mwake tinapita ku Kalindawalo. Amalume, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, anatitsogolela kumanda. Mlongo wanga anavutika kugwada chifukwa mawondo ankakana kupinda. Anagwila dothi la pamanda n'kunena kuti, "Amama, nabwela." Tinakhala pomwepo mpaka dzuwa linayamba kuwawa.

Tili m'njila kubwelela, pafupi ndi munda wa thonje, anaima n'kunditembenukila.

"Asisi, kumanda tiyenda liti?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chinsenga chake. Koma dothi linali likadali m'mawondo a thalauza lake, ndipo iye ankandiyang'ana modikila yankho. Amalume anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Anakhala nafe ku Nyimba mpaka kufupi ndi mvula yoyamba, ndipo m'miyezi imeneyo ndinaona zimene foni inkandibisila. Kuwala kwa dzuwa kunkamulasa m'maso. Chigayo chapafupi chikalila ankatseka makutu n'kulowa m'nyumba. Dzanja lamanja lija silinkakwela kupyola phewa, moti malaya ndinkamuthandiza kuvala. Tsiku lina anapita kukagula sopo pamsika woonekela pakhomo pathu, ndipo anabwela ndi bambo wina wa njinga amene anamupeza kutali, akulowela njila ya kuchigwa. Tsiku linanso anakalipila amuna anga chifukwa cha wailesi, mokweza mpaka oyandikana nafe anatuluka. Atazindikila zimene wachita anakhala pansi pakhomo n'kumalila, akupepesa alamu ake mobwelezabweleza.

Masiku amene mutu wake unali bwino tinkacheza pansi pa mtengo kuseli kwa nyumba. Kumeneko ndi kumene anandiuza kuti mkazi amene anakwatila ku Amelika anachoka ndi mwana wao wamkazi, ndipo sankamuimba mlandu. Anandiuzanso zimene madokotala a kumeneko anapeza, kuti kumenyedwa kwa mutu kwa zaka zonse zija kunamuononga mkati.

"Nanga sankakupumitsa ukavulala?" ndinamufunsa.

"Ankanifunsa ngati nili bwino. Ine n'kuti nili bwino, ngakhale bwalo likuzungulila. Munthu wa pabenchi sanena kuti mutu uwawa, asisi. Ukanena, sulowanso."

Ndinakwiya. Ndinamufunsa kuti mpila umenewu unamupatsa chiyani choti n'kusiyila amai ake kufa osamuona. Anatembenuza chikhatho chake n'kuchiyang'ana.

"Mpila ukachoka bwino m'dzanja, umadziwa usanafike," anatelo. "Anthu onse aja sumawamva. Umangouona uyenda." Kenako anapukusa mutu. "Nikanakhala bwino nikanabwelelanso ku mpila. Ichi ndicho chinichititsa manyazi."



Tinayesa zimene tikanatha. Azimai a ku mpingo ankabwela kudzapemphela naye, ndipo ankawalandila mwaulemu ngakhale nyimbo zinkamupweteka m'mutu. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a mutu, n'kutiuza moona kuti odziwa matendawa ali kumene anachokela. Amalume ankafuna kuti akhale, akuti munthu adwalile pakati pa abale ake. Inenso ndinkafuna. Koma atasowanso kachiwili, n'kupezeka atakhala m'mphepete mwa msewu waukulu malole akudutsa, ndinavomela kuti sindingamusunge. Mlongo wake wina, mwana wa atate ake wobadwila konko, anabwela kudzamutenga. Anali mtsikana waulemu, ndipo tinalila limodzi ngakhale tinkamvana movutikila.

Tsopano amakhala kunyumba yosamalila odwala. Lamlungu masana, kwao kukali m'mawa, omusamalila amamuimbila foni yanga. Masiku ena amandidziwa bwinobwino, mpaka kufunsa za alamu ake. Masiku ena amafunsa kuti, "Amama ali kuti?" Poyamba ndinkamuuza zoona, ndipo ankalila ngati malilo achitika tsiku lomwelo, n'kumandifunsa chifukwa chimene sindinamuuzile. Amalume atamva anati, "Leka kumuikitsa malilo sabata ndi sabata." Ndiye masiku ano ndimangoti amai apita kumunda, iye n'kunena kuti ndiwapatse moni.

Lamlungu lapitali sanafunse za amai. Anafunsa ngati mvula yabwela. Inali ikugwa nthawi yomweyo, ndipo ndinatuluka pakhonde n'kukweza foni kufupi ndi malata. Anamvetsela nthawi yaitali, ine ndikungomva kupuma kwake. Kenako panabwela mau a mzimai wina, akundiuza m'Chingelezi kuti nthawi ya chakudya yakwana, tidzalankhulanso sabata ya mawa.