Mwaye wa M'chumuni

"Lolemba akuchigwetsa chumunichi, achimwene. Mukakanda lero, mwakanda komaliza."

Mlonda ananena izi akutsegula geti, maso ali pafoni. Achiutsi analowa ndi chitini chawo ndi supuni yopindika, n'kukagwada patsinde pa chumuni, pomwe panali kachitseko kachitsulo.

Dzinali analipezera pantchito. Zaka makumi awiri ndi zitatu ankasonkhezera moto wa boyila pafakitale ya nsalu imeneyi, mpaka tsiku lomwe makina anangoti zii. Anzawo anabalalika, ena n'kuyamba kukonza njinga, ena mowa unawamaliza. Iwo anayamba kujambula. Ankajambula fakitale yomweyo basi: madenga adzimbiri, mapaipi, njanji yomera udzu, anthu ang'onoang'ono ngati nyerere akulowa pageti. Koma utsi sankaujambula ndi penti ya m'sitolo. Ankakanda mwaye weniweni m'chumuni n'kuusakaniza ndi mafuta. Ankati penti yakuda imanyezimira, pomwe utsi sunyezimira, umangolemera.

Ogula anali ochepa. Akazi awo ankawaseka kuti anthu pabalaza amafuna maluwa, osati chifuwa.

Chithunzi chimene ankajambula tsopano sichinali chogulitsa. Ankajambulira mwana wawo wamwamuna, amene anapita kunja kwa dziko zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo mawu ake pafoni ankafupikirafupikira chaka ndi chaka. Pakona ya chithunzicho anaikapo nyumba ya kampani yomwe ankakhala kale, ndi kamunda kakuseri: mizere iwiri ya ndiwo, tayala lolendewera pamtengo, ndi galimoto yamawaya yogona chammbali pomwe mwanayo ankaitaya akaitanidwa kukasamba. Matayala ake anali zitsekerero za mabotolo. Achiutsi anajambula chitsekerero chilichonse ndi mano ake omwe. Mumtima ankati mwanayo akachiona adzafuna kubwera, ngakhale kwa sabata imodzi.

Mwaye umene anakanda tsiku lija unali wonyowa, wodzaza mchenga. Sunakwane ngakhale theka la thambo la pachithunzicho. Lolemba chumuni chinagwadi. Iwo sanapite kukaonerera. Anangomva kugunda ali m'nyumba, makapu n'kulira pashelefu.

Akazi awo anati angotumiza chomwecho, utsi wotsalawo mwana aukumbukira yekha, si iye ankatsokomola nawo? Achiutsi anachijambula pafoni n'kutumiza. Yankho linabwera patatha masiku anayi.

"Chokongola kwambiri, adadi. Ndi kuti kumeneku?"

Anawerenga kawiri. Anayamba kulemba za galimoto ija, kuti anaipangira limodzi pakhonde, kuti chiwongolero chinapindika katatu mwana akulira. Analemba mizere isanu, kenaka anafufuta yonse. Anayankha kuti ndi malo ena chabe.

Akazi awo anangotembenuza chithunzicho kuti chisalowe fumbi.

Masana Achiutsi anayenda mpaka kusitolo ya zolembera, kudutsa pomwe panali chumuni. Anthu ankatola njerwa m'mawilibala, mlonda akuwalondolera zosasweka. Wogulitsa m'sitolomo, yemwe ankawadziwa bwino, anafunsa ngati akufuna penti yoyera monga mwa nthawi zonse. Anati ayi, yakuda, kachubu kakang'ono. Wogulitsayo anatsegula pakamwa kuti aseke, anawayang'ana kumaso, n'kungokakulunga m'pepala.

Anakaika m'thumba la malaya n'kubwerera kunyumba wapansi, dzanja lili pachifuwa kuti kasagwe.