Kalata ya Amalume Ndinaitaipa Ndine

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, a Sakala, alongo awo a amayi. Ndinali nditangomaliza kosi yotaipa ku Chipata, ndipo kwathu ku Katete satifiketi imeneyo inangokhala m'sutikesi. Amalume anali atagwira zaka zambiri pafakitale ina ya misomali ndi waya ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, akuyendetsa makina odula misomali. Atamva kuti mtsikana wina wa mu ofesi wakwatiwa ndipo akusamukira ku Kitwe, anatsuka girizi wa m'manja ndi palafini n'kukagogoda okha pachitseko cha manijala woona za antchito. Kenako ananditumizira uthenga kudzera mwa kondakitala wa basi: bwera ndi satifiketi, chitupa ndi khadi la chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha, ndipo khadilo ankaliona asanaone satifiketi.

Anandiyesa ndi Ba Mwansa, mayi wachibemba amene ankayang'anira otaipa tonse. Anaika wotchi patebulo, kundipatsa tsamba limodzi lachizungu, n'kunena kuti, "Osayang'ana zala." Nditamaliza anazunguliza mawu asanu ndi cholembera chofiira.

"Liwilo uli nalo," anatero, "koma nchito yako ni yadoti. Uzayamba pa Mande."

Tinalipo anayi m'chipinda chotaipira, ndipo ine monga watsopano ndinapatsidwa taipilaita yakale kuposa zonse. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi kuchotsa inki youma m'zilembo ndi phini, kenako kuzitsuka ndi mswachi wotha woviika mu sipiriti. Kalata iliyonse inkatuluka patatu: pepala loyera la kampani pamwamba, kaboni, pepala lachikasu lopita m'fayilo, kaboni ina, ndi pepala lapinki lotsala kwa Ba Mwansa. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, unkayenera kukweza mapepala onse osawatulutsa, kulowetsa kachikatoni kumbuyo kwa pepala lililonse, n'kufufuta ndi labala limodzilimodzi kuti kaboni isadetse ena. Zidziwitso zopita kwa antchito onse tinkazidula pa sitensulo. Pamenepo unkachotsa liboni n'kumenya zilembo ndi mphamvu yofanana, chifukwa ukapanikiza kwambiri pa "o" mkati mwake munkagwa n'kusiya dzenje la inki.

Miyezi yoyamba ndinkalira kuchimbudzi pafupifupi sabata iliyonse. Ba Mwansa sankakalipa. Ankangong'amba kalata pakati, kuiika patsogolo pako, n'kubwerera pampando wawo.

Ndinkakhala kwa amalume ku Kabwata, ndikugona pabalaza ndi ana awo aakazi. Mabasi anali osowa, ndiye tinkayenda pansi awiriwiri, kudutsa Kamwala, kuoloka njanji, mpaka pageti la fakitale. Ndikadandaula za Ba Mwansa, amalume ankaseka.

"Iwe ukulira pepala?" ankatero. "Ine chala ichi ndinachisiya m'makina, Lolemba lake ndinabwerera."

Nditagwira zaka ziwiri zinthu zinayamba kuipa. M'masitolo munalibe mafuta ophikira aja tinkati saladi, sopo, ngakhale unga nthawi zina, ndipo akazi a amalume, amake Lute, ankathera tsiku pamzere. Mu ofesi maliboni anasiya kubwera. Tinkatembenuza lakale, kulidonthezera inki ya chidindo, ndipo kaboni tinkaigwiritsa mpaka kuonera dzuwa mkati mwake. Kufakitale waya wochokera kunja sunkafikanso. Makina amene phokoso lake linkagwedeza mawindo athu anangoti zii. Amuna ankasesa bwalo losesa kale, ena kusewera nsolo kuseri kwa sitolo ya katundu. Amalume ankapukutabe makina awo ndi kuwathira oyilo tsiku ndi tsiku. Belu la m'mawa silinawapezepo kunja kwa geti, ndipo ine ndinkachita manyazi kufooka ndikuyenda ndi munthu wotere.

Lachitatu lina m'mwezi wa June, kukuzizira, Ba Mwansa anauza anzanga atatu kuti akathandize kukonza mafayilo kuchipinda china. Atatuluka anakiya chitseko n'kuika fayilo yabulauni padesiki panga.

"Aya makalata uzataipa iwe weka," anati. "Yazapasiwa pa Chisanu. Ngati mawu yatuluka pa geti pakalibe Chisanu, bantu bazachita chongo, bapolisi bazabwela, ndipo bazaziba kuti yachokela muno. Wamvela?"

Ndinavomera. M'fayilomo munali kalata imodzi yolembedwa pamanja ndi manijala, ndi mndandanda wa mayina. Kalatayo inali yaifupi. Inkati chifukwa cha kusowa kwa zipangizo, kampani ili ndi chisoni kukudziwitsani kuti ntchito yanu yatha, ndipo ikuthokoza chifukwa cha utumiki wanu. Manijala sanafune sitensulo. Anati munthu aliyense alandire kalata yakeyake, kuti zioneke zaulemu.

Ndinaika rula pansi pa dzina loyamba monga tinkachitira, n'kuyamba. Ambiri ndinkawadziwa. Ena tinkapemphera nawo ku Kabwata. Ndikutsitsa rula mzere ndi mzere, ndinaona kuti tcheyamani wa chipani pafakitalepo sanalipo, ngakhalenso abale ake awiri amene analowa ntchito ine nditafika kale ndipo sankadziwa poyatsira makina. Nditatembenuza tsamba lachiwiri, dzina lachitatu linali la amalume.

Ndinawalumpha, n'kupitiriza ndi dzina lotsatira, ngati kuti ndikawasiya aiwalika. Ndinataipa onse mpaka masana, osadya. Ba Mwansa anatenga mulu wa makalata, kuwayerekeza ndi mndandanda, ndipo chala chawo chinaima pomwe ndinkadziwa kuti chiima.

"Ba Sakala bali kuti?"

"Ndi amalume anga, Ba Mwansa."

"Niziba."

"Ndiwo anandibweretsa muno. Ndimagona m'nyumba mwawo. Apatseni wina ataipe, chonde."

"Wina nindani? Ufuna bazibe babili? Nakusankha chifukwa masiku yano sulakwisa. Taipa."

Ndinalowetsa mapepala. Ndinalakwitsa pa dzina lenilenilo. Ndinafufuta, pepala n'kubooka. Yachiwiri ndinafika nayo pa mawu othokoza, dontho la m'maso n'kugwera pa inki. Ba Mwansa anaing'amba pakati monga mwa masiku onse.

"Muntu wagwila zaka zonse izi," anatero, "kalata yake siingayende na doti."

Yachitatu inatuluka yoyera, mizere yowongoka, popanda pofufuta. Kunatsala chinthu chimodzi. Pansi pa kalata iliyonse, kumanzere, tinkaika zilembo zazikulu za bwana wosaina, kenako zazing'ono za wotaipa. Zanga zinali "em", Esinati Mbewe. Ndinapempha kuti pa iyi yokha ndisaike. Ba Mwansa anati kalata yopanda zilembo manijala saisaina, ndipo akafunsa chifukwa chake. Ndinaziika.

Belu loweruka litalira ndinapeza amalume akundidikira pageti, atavala jekete lawo lakuda la ku salaula, kumsika wa zovala zakale. Tinayamba ulendo. Tsiku limenelo anali osangalala, chifukwa dalaivala wina anali atawauza kuti waya uli m'njira, wafika kale pamalire.

"Mwezi wamawa makina alira," anatero. "Udzatseka makutu mu ofesi mwanumo."

Titaoloka njanji anaima pa mayi wina wootcha chimanga, kugula chimodzi, kuchithyola pakati, n'kundipatsa mbali yaikulu. Anandifunsa chifukwa chake ndinali chete. Ndinati mutu. Ndinafuna kuwauza. Koma kumbuyo kwathu kunali anthu, kutsogolo kunali anthu, ndipo masiku amenewo sunkadziwa khutu la ndani likumvera. Ndinkawadziwanso amalume. Akanamva, sakanagona nazo. Akanapita m'mawa kukagogoda pachitseko chomwe chija, ndipo tonse awiri tikanatuluka pageti. Ndinadya chimangacho mpaka chitsononkho.

Lachinayi tinayendanso limodzi, kupita ndi kubwerera.

Lachisanu masana antchito a pamndandanda aja anawaitana mmodzimmodzi pazenera la ofesi, apolisi awiri ataimirira pageti. Sipanachitike chongo kapena chipolowe chilichonse. Amuna akuluakulu anangovula maovolosi, kuwapinda, n'kumatuluka. Ine ndinkaona pawindo. Amalume sanandidikire.

Nditafika ku Kabwata ndinawapeza atakhala pampando panja, kalata ili pabondo. Chizungu sankachiwerenga kwenikweni, koma zilembo ziwirizo ankazidziwa, chifukwa kalata yawo ya tchuthi imene ndinataipa chaka choyamba anaionetsa kwa akulu a mpingo onse, akuloza pansipo kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga.

"Esinati," anatero, osakweza mawu. "Unadziwa liti?"

Ndinagwada. "Lachitatu, amalume."

"Lachitatu." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinkakuuza za waya, iwe ukudya chimanga."

"Anandiletsa, amalume. Anati ndikanena..."

"Ntchito sunandichotse ndiwe, ndikudziwa. Koma wandisiya ndiseke masiku awiri ngati chitsiru."

Loweruka m'mawa amake Lute anandiuza, akuyang'ana pansi, kuti ndibwino ndipeze kaye kwina kokhala. Ndinawauza kuti tsopano wogwira ntchito m'nyumbamo ndatsala ndine, andilole ndithandize. Anati amalume akana. Mayi wina wa kumpingo anandipezera kachipinda kuseri kwa nyumba ya mchemwali wake ku Chelstone, kutali ndi ntchito, kumene ndinkadzuka m'bandakucha kukalimbirana basi.

Lolemba ndinapita ndi kalata yosiya ntchito, yolemba pamanja chifukwa sindinafune kukhudzanso taipilaita. Ba Mwansa anaiwerenga ataimirira.

"Ukasiya, ba malume bako bazabwelela pa makina?"

"Ayi."

"Pa mpando wako pazankala mupwa wa ba tcheyamani, wamene ataipa na chala chimozi. Ndiye chamene ufuna?"

Kalatayo anaibweza m'dzanja langa, n'kuika sitensulo yatsopano padesiki. Chinali chidziwitso chokumbutsa antchito otsala kuti azifika msanga ndi kugwira ntchito modzipereka, pomanga dziko. Ndinaidula, ndipo panalibe "o" ngakhale mmodzi amene anagwa.

Ndisaname kuti ndinatsala chifukwa cha chiyembekezo. Ndinalibe. Ndinatsala chifukwa cha mkwiyo. Sindinafune kuti anthu amene anasankha mayina aja apezenso mpando wanga mwaulere. Ndinasiya kuganiza za mwezi wamawa, ndinkangoganiza za pepala limene lili m'makina. Likatuluka loyera, ndinkatenga lina. Masiku ena ndi chokhacho chimene chinkandidzutsa. Loweruka masana ndinayamba kuphunzira shotihandi, kalembedwe kachidule ka asekilitale, kwa mayi wina wa ku Northmead, kuti tsiku lina ndidzatuluke pageti limenelo ndi miyendo yanga, osati ndi envulopu.

Patapita miyezi ingapo, mlonda wa pageti anabwera nthawi ya nkhomaliro kudzandiuza kuti kunja kuli mdala akundifuna. Anali amalume. Anali ataonda, ndipo sanaloledwe kulowa pabwalo limene analisesa ndi manja awo. Ndinawapatsa moni, anayankha mwachidule. Anati amva kuti ku Kabulonga kuli nyumba ina ikufuna mlonda, koma eni ake akufuna kalata yotaipa.

"Ulembe kuti ndine wokhulupirika, sindimwa mowa," anatero. "Za makina usalembe. Angaganize kuti ndine munthu wodzimva."

Ndinaitaipa nthawi yomweyo pa pepala labwino limene ndinali nditabisa m'dilowa. Ba Mwansa anaona, n'kutembenukira kukhoma. Amalume anailandira ndi manja awiri, monga amalandirira munthu chinthu kwa mlendo, n'kuipinda bwinobwino. Ntchitoyo anaipeza. Anatsegula ndi kutseka geti la munthu wina zaka zinayi, kenako anabwerera ku Katete, kumene anamwalira. Tinkalankhulana pamaliro ndi pamaukwati, koma sitinayendenso msewu umodzi awiriwiri.

Ine ndinachokadi pafakitalepo, ndinakhala sekilitale m'tauni, ndipo pambuyo pake ndinkayang'anira atsikana otaipa. Ambiri ankandifunsa mmene munthu amapiririra ntchito ikafika powawa. Ndinkawauza zoona, kuti ntchito siidzakukonda ngakhale uisiyire chala, ndiye uigwire bwino chifukwa luso ndi lako, silikhala la kampani. Zimenezo zinandithandiza, ndipo ndimazikhulupirirabe.

Koma chimene ndinasunga kwenikweni sindinkawauza kawirikawiri. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha aja ndinawatcha kusunga chinsinsi cha ntchito. Kuyambira pamenepo bwana aliyense akandikiyira chitseko, ndinkamuuza ndisanatsegule fayilo kuti ngati muli dzina la munthu wanga, ndikamuuza lero lomwe. Awiri anandichotsera fayilo m'manja, mmodzi anandisamutsa ofesi. Sindinadandaule. Kalata ya amalume ndikanaitaipabe, chifukwa ndikanakana ine akanaitaipa wina. Cholakwa changa chinali chakuti munthu amene anandilera mu Lusaka anamva za moyo wake pazenera, kwa mlendo, pamene ine ndinali ndi msewu wonse wa Kamwala woti ndimuuzire.