Khadi la Katoni la Apongozi Anga

Tinanyamuka kwathu ku Majaua kusanache bwino, ine ndikupalasa njinga, apongozi anga a Kalisito atakhala pakaliyala. M'thumba la jekete lawo munali kachitini ka maswiti komanga ndi mphira, ndipo m'kachitinimo munali makhadi. Tinkapita ku Milange, kumene achinyamata a parishi ina anakonza mpikisano wa suweka, mphoto yake mbuzi. Analengeza kutchalitchi kuti anthu abwere awiriawiri, ndipo awiri aliwonse abweretse makhadi awo.

Suweka amasewera anthu anayi, ndipo iwe ndi mnzako mumakhala moyang'anizana. Mnzawo wa apongozi kuyambira pa unyamata anali a Bonifasiyo, amene anatisiya dzinja lathali. Chimwalirire iwo, apongozi sanagwirenso makhadi, ndipo chakudya ankangochinyomola n'kuchisiya. Mkazi wanga Mariya ndiye anandikankha. "Pitani nawo inu," anatero. "Akangokhalabe pakhonde apo, atsatira mnzawo." Ndinavomera, ngakhale kuti ine mkamwini ndinali ndisanawayang'anepo m'maso apongoziwo chikwatire mwana wawo.

Dzuwa likutuluka tinafika pamsika, njinga n'kuisiya kwa msuweni wanga wogulitsa mchere. Panali minibasi, imene kwathu timati chapa, injini ikulira ngati inyamuka pompo. Kondakitala anati mametikali 150 munthu mmodzi. Apongozi anayesa kumuuza kuti iwo ndi owonda, satenga malo, koma iye anangowalozera mpando. Chapayo inalirabe pomwepo mpaka mame ataumiratu, kudikira kuti idzaze.

Pambali pathu panakhala mayi wina wonenepa, thumba la nyemba pamiyendo, nkhuku ziwiri kumapazi. Ankayankhula Chilomwe ndi mnzake, koma ataona apongozi akusisita thumba la jekete pafupipafupi, anatembenukira ku Chinyanja.

"Agogo, mwanyamula chiyani chimene mukuchilondera choncho?"

"Muli mafumu anayi ndi akazi awo," apongozi anayankha osamwetulira.

"Ndiye kondakitala awalipiritse nawonso."

Anthu anaseka, ndipo ndinaona mapewa a apongozi akugwedezeka pang'ono. Panali patapita miyezi ndisanawaone akuseka.

Msewu wake ndi wafumbi, wa maenje oti mbuzi ikhoza kugonamo. Pa kamtsinje kena injini inatentha, tonse tinatsika, dalaivala akutunga madzi ndi chigubu. Ndinagula chinangwa chophika ndi nthochi kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Apongozi analandira gawo lawo ndi manja awiri n'kukadyera kuseri kwa galimoto, ine kuno, monga mwa ulemu wathu. Titanyamukanso, phiri la Tumbine linayamba kuoneka kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake kunali Mulanje, mutu uli m'mitambo.

Tinalowa m'tauni dzuwa litakwera. Titamwa tiyi ndi buledi wodyera bajiya, tizitumbuwa ta nyemba, tinafunsa njira ya ku holo ya parishi. Matebulo anawaika pansi pa mitengo ya mango, mbuzi ya mphoto atayimanga poonekera. Woyang'anira malamulo anali mphunzitsi wamkazi, dzina lake Adeliya, wamng'ono kwa ine. Iye anafotokoza kuti pa tebulo lililonse azisinthanitsa makhadi a mbali zonse ziwiri, ndiye ankayenda n'kumayang'ana mpukutu wa makhadi uliwonse.

Atafika pa ife anatsegula kachitini, n'kupatula maeyiti, manaini ndi mateni, amene pa suweka sagwira ntchito. Kenako dzanja lake linaima. Anatulutsa khadi limodzi lodula ku katoni ya sopo, pamene panajambulidwa mitima isanu ndi iwiri ndi cholembera chofiira. Linali seveni wa mitima, khadi lamphamvu kwambiri pambuyo pa asi, mkulu wa makhadi onse.

"Papa, ili lachokera kuti?"

"Lenileni linapsa ndi nyali kalekale," apongozi anatero. "Analijambula ili ndi mnzanga. Anamwalira."

"Pepani kwambiri," anatero mphunzitsiyo, akulitembenuza mosamala. "Koma khadi lopangira kunyumba sililoledwa pano. Taonani, ndi lokhuthala, ndipo kumbuyo kwake n'kosiyana ndi anzake. Aliyense adziwa amene waligwira."

Apongozi anatenga makhadi awo n'kuyamba kuwabwezera m'kachitini. "Bambo a Rozita, tiyeni tizipita," anandiuza, akunditchula ndi dzina la mwana wanga. Ndinawaona kale m'maganizo atabwerera pakhonde paja.

"Njira ina palibe, aphunzitsi?" ndinafunsa.

"Ilipo. Khadi loimira linzake ndimalemba ndi ine ndekha, anthu onse a patebulo akuona, ndipo liyenera kuchokera mu mpukutu womwewu." Anatola eyiti wa mitima pa makhadi opatula aja. Anali wothaitha ngati anzake, chifukwa adzukulu amasewera nawo masewera ena ofuna makhadi onse. N'chifukwa chake a Bonifasiyo sanafune kulembapo. "Ndikafafaniza mtima umodzi ndi kulemba seveni, zatheka. Koma makhadi ndi anu, papa. Mukakana, sindilemba."

Apongozi anatenga eyitiyo n'kuyamba kumuyang'ana mbali zonse. Amene tinkayenera kusewera nawo, abale awiri osoka zovala a m'tauni momwemo, anali kudikira patebulo.

"Nanga la mnzangali lipite kuti?" apongozi anafunsa pamapeto.

"M'thumba la malaya anu. Malamulo saletsa kuti aonerere."

Apongozi anavomera ndi mutu. Mphunzitsi anafafaniza mtima umodzi, analemba seveni m'makona, anasaina pakati, n'kuonetsa osoka aja. Apongozi analowetsa khadi la katoni m'thumba la pachifuwa, mitima itayang'ana kunja.

Tinayamba kusewera, ine maso ali patebulo. Nditataya khadi lolakwika kachiwiri, apongozi anatsokomola. "Bambo a Rozita, nkhope yanga ili kuno. Ulemu tikaupeza kunyumba." Ndinadzutsa mutu. Maso awo anali owala, a munthu amene wabwerera pa ntchito yake. Osoka aja tinawagonjetsa movutikira, ndipo makhadi omaliza a patebulo ndinawatenga ndi seveni wolemba uja. Pa tebulo lachiwiri tinakumana ndi bambo wina ndi mkazi wake ochokera ku Mongue, amene anatimaliza msanga ngati akukonola chimanga. Mbuzi inapitanso kwa iwo omwewo.

Madzulo tinakwera lole yobwerera kukatenga nandolo, titakhala pa matumba opanda kanthu. Titadutsa kamtsinje kaja apongozi anayamba kuyankhula okha, osafunsidwa. Anandiuza za a Bonifasiyo, mmene ankathawira limodzi kulima thonje ali anyamata, ndi mmene malemuwo ankaimbira mluzu akagwira makhadi oipa.

"Mtsikana uja sananame," anatero. "Khadi ili mudzi wonse unkalidziwa. Likakhala m'manja mwa munthu, tonse tinkaliona, koma aliyense ankasewera ngati sanalione. Zaka zonsezi palibe anadyerapo mnzake."

Ndinaganizira mawuwo lole ikutigwedeza. Kumudzi chinkateteza masewera ndi manyazi a anthu odziwana. Pakati pa alendo pamafunika lamulo, ndipo tinachita mwayi kuti amene analigwira tsiku limenelo anali ndi mtima.

Titatenga njinga kwa msuweni uja, tinafika kunyumba dzuwa litangolowa. Mariya anatichingamira panjira n'kufunsa za mbuzi.

"Mbuzi yapita ku Mongue," anayankha bambo ake, akutsika panjinga. "Amuna akowa amasewera ngati akudzala chinangwa, koma aphunzira. Kodi kwatsala chakudya? Ndili ndi njala."