Manambala a Kumanzere kwa Ziro

Ndimaionabe mizere iwiri ya phulusa pabwalo la sukulu yathu ku Kanyama, m'mawa wa mwezi wa Juni, mphepo ikutiwaula milomo ndi kutithira fumbi m'maso. Phulusalo tinkabwera nalo tokha. Aliyense ankakokola m'mbaula ya kwawo, kuthira m'chitini, n'kuyenda nalo kudutsa m'tinjira tonunkha utsi wa malasha ndi madzi otsukira nsomba, kudutsanso pa miyala pamene azimayi oswa miyala yogulitsa anali atayamba kale kugogoda ndi nyundo, ana ali kumsana. Tikafika, a Sinkala ankalandira zitinizo ngati akulandira chopereka cha kutchalitchi, n'kuwerama ndi jekete lawo lotha m'zigongono, n'kuyamba kuthira phulusa pansi, mzere wina wopita kumanja, wina wopita kutsogolo. Pokumanira mizereyo ankaikapo chidina, ndiye kuti njerwa. Pamenepo, ankati, ndiye pa ziro.

A Sinkala anali aphunzitsi athu a masamu, munthu wamtali wa ku Nakonde, wolankhula Chinyanja chokhotakhota chimene tinkachiyerekeza akatembenuka. Anabwera tili giredi 9, chaka cha mayeso osankhira opita ku giredi 10, ndipo anatipeza tilibe kanthu m'mutu, chifukwa chaka cha giredi 8 chinatha chonse popanda wotiphunzitsa masamu. Zinali zaka zimene zinthu zinkatha chimodzichimodzi. Unga unkafuna kuimira mzere kuyambira mbandakucha, mawindo a kalasi analibe magalasi, madesiki anali atasanduka nkhuni kalekale, ndipo ambiri tinkakhala pa zidina, kope lili pabondo. Atate anali atachotsedwa ntchito ku fakitale pamodzi ndi anzawo ambiri, n'kumakhala pakhonde kusoka nsapato za anthu. Amayi ankakazinga vitumbuwa. M'kalasi tinali odzaza mpaka kukhomo, buku la masamu linali limodzi, lawo la a Sinkala, ndipo choko ankachisunga m'thumba la malaya ngati ndudu.

Sanadandaule kuti tinali m'mbuyo. Anangoyambira pansi. Tsiku loyamba analemba x pabolodi, ife n'kung'ung'udza kuti zilembo zikufuna chiyani m'masamu. Iwo anaseka nati, “Imwe bana, x si mfwiti. Ni namba chabe yabisala. Nchito yanu ni kuisakila.” Ankabisa timiyala m'dzanja, kuika tina tatatu poyera, n'kunena kuti tonse pamodzi ndi tisanu ndi tiwiri, nanga m'dzanjamo muli tingati? Ife atsikana amene tinakulira pa chiyato, kuponya mwala m'mwamba ndi kukokola ina m'kabwalo, tinazigwira msanga kuposa anyamata. Ine zinandilowa m'magazi. Ndinkapeza x pa mzere wa ku pompi, chigubu chili pakati pa miyendo. Ndinkamupeza ndikukupiza mbaula, kulemba ndi khala pa simenti ya pakhomo mpaka amayi andilalatire.

Itafika nthawi ya magilafu, mapepala ake a timabokosi kunalibe, ndiye anatitulutsa panja. Ankayeza ndi mapazi, n'kuika mwala pa phazi lililonse, ndipo ife ndife tinali timadontho. Akaitana kuti 3 ndi 2, mwana ankayamba pa chidina, kuyenda mapazi atatu kumanja, awiri kutsogolo, n'kuima chilili. Wosokoneza, woyamba ndi kutsogolo, tinkamukuwiza mpaka ana a giredi 1 kutuluka kudzaonerera. Tsiku lina anatiuza kuti y akhale x wowonjezera 1, naitana ana asanu mmodzimmodzi, aliyense kuwerengera yekha malo ake. Atatha tinaona kuti aima mzere woongoka ngati asilikali, popanda wowakonza. Bupe, mnzanga wa pamtima, amene tinkagawana chidina ndi chitumbuwa chimodzi, anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kundilowa. Sindinaonenso chinthu chokongola chotero pasukulu ija.

Koma bwalo lathu linali ndi malire. Kumanzere kwa chidina cha ziro kunali khoma la zimbudzi, kumbuyo kwake kunali ngalande yobiriwira. Choncho masewera athu onse ankathera kumanja ndi kutsogolo. Ndinawafunsa tsiku lina, teremu ili pafupi kutha, ngati mizereyo imathera pa chidina basi. Anandiyang'ana mokondwa nati imapitirira, kuti kumeneko kumakhala manambala a mainasi. “Tizayendako tikasegula, osazivuta,” anatero, akupukuta phulusa m'manja.

Titatsegulira mu Sepitembala, a Sinkala kunalibe. Sabata yoyamba tinkati adwala. Yachiwiri mwana wina wokhala pafupi ndi kwawo anati nyumba ija mwalowa anthu ena, ndipo mipando anaigulitsa patchuthi. Anali atapita ku Botswana, kumene aphunzitsi ambiri ankathawira masiku amenewo chifukwa malipiro a kuno sankafika ngakhale pakati pa mwezi. Sanatsanzike kwa munthu. Buku lija anapita nalo. Anangosiya m'kabati kope lawo lokonzera maphunziro, lolembedwa bwino mpaka pamene tinalekezera, kenako masamba oyera.

A hedi anandiitana ku ofesi m'mawa wina, ine n'kumaganiza kuti ndi nkhani ya yunifolomu yanga yong'ambika. Anandipatsa kope lija ndi zidutswa zitatu za choko. “Iwe ndiwe unali kupasa masamu,” anatero osandiyang'ana n'komwe. “Uzibalembelako banzako pa bolodi mpaka batitumile ticha.” Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinatuluka muofesimo mutu uli m'mwamba, ndipo nditafika kunyumba ndinafotokoza nkhaniyo kawirikawiri, kwa atate, kwa aneba, kwa aliyense wobwera kudzagula vitumbuwa. Amayi anangotembenuza chitumbuwa m'mafuta nati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinaganiza kuti akundichitira nsanje.

Masabata oyamba anayenda bwino, chifukwa ndinkabwereza zimene tinkazidziwa kale. Anzanga ankandimvera kuposa mmene ndinkayembekezera. Mayeso anali pafupi, mantha anali atawagwira, ndipo ngakhale anyamata akuluakulu a kumbuyo, ometa kale ndevu, ankakopera mwakachetechete. Ndiye wina anabweretsa pepala la mayeso akale la mkulu wake, lothimbirira, ndipo pa funso la gilafu panali manambala a mainasi. Chithunzi chake munthu ankayenera kujambula yekha. Kalasi lonse linandiyang'ana. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kupita kwa a hedi kapena kwa aphunzitsi a giredi 7. Koma ndinali nditalawa kukoma kwa kuima kutsogolo, ndipo ndinaopa kuti akandilanda chokocho. Ndinati ndiwaonetsa mawa.

Madzulo ake ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi khala m'manja, kuganiza. Ndinati manambala timawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, 1, 2, 3, monga timawerengera mawu. Ndiye a mainasi nawonso ayenera kuyenda chimodzimodzi. Ndinaika mainasi 1 kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumanzere, kenako mainasi 2, mainasi 3, kubwera chakuno, mpaka mainasi 5 n'kukhala moyandikana ndi ziro. Mzere wotsika ndinaupanga chimodzimodzi, kuyambira pansi. Zinaoneka zadongosolo, ndipo ndinazikhulupirira. Sindinadziwe kuti ndazitembenuza, kuti mainasi 1 ndiye amagundizana ndi ziro, enawo n'kumatalikira. M'mawa ndinajambula pabolodi mosakayika, ana onse n'kukopera. Mizere yathu ikafika kumanzere inkathyoka, osaongokanso. Bupe anafunsa chifukwa chake, ine n'kumuyankha kuti kumainasi ndi mmene zimakhalira. Anagwedeza mutu, nalemba. Tinachita zimenezo mwezi wathunthu, m'kutentha kwa Okutobala, malata akulira pamwamba pathu, thukuta likudontha pamakope.

Kutatsala masabata awiri kuti tilembe, anatitumizira a Mulenga, mtsikana wongochoka kumene ku koleji, wovala nsapato zazitali zimene zinkatitimira m'fumbi. Anatenga kope la mwana wa kutsogolo, kutsegula, kutenga lachiwiri, lachitatu. “Nindani anakuphunzisani ivi?” anafunsa. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Sanandimenye. Anangoseka, kaseko kakafupi ka m'mphuno, nandiuza kuti ndifufute bolodi. Ndinafufuta ndi manja, chifukwa chofufutira kunalibe, kalasi lonse likundiyang'ana kumsana. Anakonza cholakwacho m'mphindi zochepa. Chinali chinthu chaching'ono choti a Sinkala akanatha kutiuza tsiku lija ali chiimire, akupukuta phulusa. Poweruka anyamata a kumbuyo ananditsatira mpaka pa msika akuimba dzina langa, wina n'kundigenda ndi chitsononkho.

Bupe sanalipo tsiku limenelo. Amayi ake anali atagona ndi chifuwa chosatha, ndipo iye ndiye anatenga nyundo yawo n'kumakaswa miyala kuti pakhomo padyedwe. Sanabwere sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Ankawerengera pa miyala pomwepo, kope lake lili pambali atalitsendereza ndi mwala, ndipo m'kopemo munali manambala anga otembenuka, olembedwa bwino ndi dzanja lake losamala. Kwawo kunali pafupi. Kuchoka kwathu unkangodutsa pa chigayo, kukhota pa shabini yogulitsira mowa, wafika. Tsiku lililonse ndinkati ndipita mawa. Kawiri ndinanyamuka, kufika pa chigayo, kumva kugogoda kwa nyundo, n'kubwerera. Ndinkaopa nkhope yake. Anthu ena onse anali atandiseka kale, ndipo kunatsala munthu mmodzi yekha amene ankaganizabe kuti ndimadziwa. Ndinadziuza kuti wina amuuza, kuti mwina funsolo silibwera.

Linabwera. Ndinaliona nditangotembenuza pepala, lili ndi mamalikisi ambiri, ndipo ndinadzutsa mutu kuyang'ana Bupe mizere itatu patsogolo panga. Anali atawerama, rula ili m'manja, akujambula mwachangu ngati munthu amene wapeza funso lomwe analikonzekera. Potuluka anandikumbatira, manja ake okhakhala ndi matuza, nati gilafu ija waimenya yonse. Ndinati nanenso.

Zotsatira zitatuluka, mvula ili pakati, Kanyama yense ali m'madzi, tinapita kukaziona titanyamula nsapato m'manja. Ine ndinasankhidwa. Bupe anaperewera pang'ono. Sindingalumbire kuti ndi funso lija linamugwetsa, pakuti anajomba masiku ambiri, ndipo malo a giredi 10 anali ochepa kwa ana a m'makomboni. Ndadziuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ndi zoona. Koma sindingalumbirenso kuti si funso lija. Zobwereza kalasi panalibe. Amayi ake anamwalira chaka chomwecho, iye n'kukwatiwa chisanathe china.

A Sinkala ndinawakwiyira nthawi yaitali, ndipo mkwiyowo sunathe wonse. Ndikudziwa tsopano kuti anali ndi ana awoawo ofuna kudya, kuti munthu sungamuuze afe ndi njala chifukwa cha ana a eni. Koma anadziwa kuti akupita pamene ankandilonjeza, ndipo akanatha kulemba tsamba limodzi lokha m'kope lija. A hedi anapereka kalasi la mayeso kwa mwana, osabwera ngakhale tsiku limodzi kudzasuzumira pawindo. Amene anali pamwamba pawo sindikuwadziwa maina, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwapo kuti tinaliko. Onsewa ndimawawerenga ndikafuna kudzipepuza. Koma palibe mwa iwo amene anafika pa chigayo n'kubwerera. Kulakwitsa manambala kunali kwa mwana wosiyidwa yekha, ndipo mwanayo ndinamukhululukira. Kukhala chete kunali kwanga.

Ndinakumana ndi Bupe patapita zaka zambiri, pa msika wa ku Chawama, akugulitsa tomato ndi impwa, tsitsi litayamba imvi. Anandizindikira iye poyamba, nafuula dzina langa, nandionetsa kwa anzake a pamsika monyadira. Tinakumbutsana za chiyato, za jekete la a Sinkala, tinaseka mpaka misozi. Ndiye anati, akundiikira tomato m'pulasitiki, “Iwe unali na mutu, mwandi. Ise benangu tinali vikopo chabe, mitu youma, sukulu siinali yathu.” Ananena mosadandaula, ngati chinthu chimene anachivomereza kalekale. Mawu anali pakamwa panga, onse, okonzeka. Ndinayang'ana anzake aja akundimwetulira, ndinayang'ana manja ake. Anandiwonjezera tomato awiri a basela, ndinathokoza, ndipo ndinapita kukakwera minibasi.