Dzina la Fabiano palibe pa bolodi

Kodi ndani analamula kuti pa bolodi la akatswiri a basiketibolo kusukulu kwathu pazilembedwa okhawo amene anasewera zaka zitatu? Dzulo ku msonkhano wa ophunzira akale aliyense anangovomera, dzina lako n'kulidumpha. Fabiano, iwe unasewera chaka chimodzi chokha, koma anthu ankayenda wapansi kuchokera ku Linthipe kudzakuona ukugoletsa.

Ndinali mphunzitsi wako, nditangochoka ku yunivesite, ndikuona ngati aphunzitsi akale onse ndi ogona. Tsiku la mpikisano lija nkhungu inatsika m'phiri, simenti ya pabwalo n'kunyowa. Unati, "Aphunzitsi, pansipa pali ngati therere, tidikireko kadzuwa." Anzako anaseka. Ine ndinayang'ana akuluakulu a chipani atakhala kale pa mipando, ndipo ndinkafunitsitsa andione, basi ndinaimba wezulo. Masewero atangoyamba unagwa, ndipo bondo lako silinawongokenso mpaka tsiku limene tinakuika m'manda.

Lero m'mawa ndalembera komiti ya ophunzira akale kalata, ndatchulamo amene anaimba wezuloyo. Ina ndakapereka ndekha kwa akazi ako, amene zaka zonsezi ankadziwa kuti unangoterereka.