Ndinathamangitsa akatekisti bambo anga ali pamphasa

Inu owerenga, ine ndine wamtima wapachala, ndipo mtima umenewu unatsala pang'ono kuwamana bambo anga chinthu chokhacho chimene anapempha asanamwalire. Kwathu ndi kufupi ndi Kandeu, ku Ntcheu kuno. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, pano ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza.

Bambo anakhalitsa kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha. Chaka chatha, nthawi yokumba kachewere, anagoneratu. Kuchipatala anati tizingowasamalira kunyumba. Ine sindinavomereze. Ndinkati achira basi, ndipo wolankhula zina ndinkayambana naye.

Tsiku lina masana ndinapeza akatekisti akwathu ndi amayi awiri a mumphakati wathu wa kutchalitchi atakhala pakhonde. Ndinamva akatekisti akufunsa mayi anga za tsiku loti bambo mfumu adzadzoze wodwala, kenaka anatchula za nyimbo za pamaliro. Mutu unanditentha pomwepo. Kwathu kuno ambirife timati wansembe akangomudzoza munthu mafuta aja, chotsala n'kuuza adzukulu anole makasu. Ndinakuwa kuti, "Munthu akupuma, inu mwayamba kale kumuimbira? Nyamukani, mukaike abale anu!" Mpando umene anakhalira akatekisti ndinauponya pabwalo. Iwo anangotola chipewa chawo n'kunena kuti, "Tamva achimwene," basi n'kumapita.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthuwo anachita kuitanidwa ndi bambo anga eni ake. Mayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundimasulira zonse. Ukwati wawo unali wa ankhoswe okha, sunadalitsidwe kutchalitchi. Zaka zonsezi anzawo akamapita kukalandira Ukaristia, iwo awiri ankatsala pabenchi. Bambo ankaopa kuti akafa chomwecho, mwambo wawo udzangokhala wachidule, wopanda Misa. Ankafuna alape, ukwati udalitsidwe, adzozedwe, ndipo nyimbo asankhe okha. Ine sanandiuze poopa ukali wangawu.

Nditalowa m'nyumba, bambo anatembenukira kukhoma. Sanandikalipire. Anangoti, "Wandithamangitsira alendo anga, mwanawe." Mpweya unali ukuvuta kale, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Ndinazindikira kuti akapita lero, ine ndiye ndawatsekera khomo.

Ndinaliza njinga mpaka kudimba kwa akatekisti. Ndinagwada m'matope momwemo, anthu akuona. Iwo anandiyang'ana n'kuseka. "Achimwene, mwabwera ndi mpando wina woti muponye?" Anasamba m'manja, anakwera kumbuyo kwanga kuti tikatenge bambo mfumu. Titafika kuparishi anatiuza kuti bambo mfumu apita kunthambi ina cha ku Kasinje. Inu owerenga, msewu umene uja ndinauyenda ndikupemphera mokweza, ine amene korona ndinali nditamuiwala. Foni ikalira m'thumba sindinkayankha, poopa kumva kuti zatha.

Bambo mfumu tinawapeza akumaliza Misa. Sanafunse zambiri, anangotenga kachikwama kawo n'kutitsatira. Tikulowa pakhomo, ndinamva bambo akutsokomola. Sindinakondwerepo ndi chifuwa chimenechija ngati tsiku limenelo.

Tonse tinatuluka kuti bambo anga alape. Kenaka anatiitana, mayi atafunda nsalu yoyera yobwereka kwa amayi a mumphakati aja. Ukwati unadalitsidwa pamphasa pomwepo. Bambo anawagwira mayi dzanja n'kunena kuti, "Amake mwana, ndakukwatirani kawiri tsopano, musadzandinene kumanda." Mayi anati, "Kachiwirikanso mwabwera opanda suti." Mpaka bambo mfumu anaseka.

Tsiku lomwelo bambo anga anadzozedwa, koma mafuta aja sanawaphe ayi. Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba. Masiku amenewo anandikhazika pansi n'kundiuza nyimbo zawo, malo awo ogona kumanda pafupi ndi achimwene awo, komanso kuti ngoma ya Angoni anzawo ivinidwe wansembe akamaliza zake, osati pakati pa mapemphero. Atamwalira panalibe mkangano uliwonse. Misa inachitika, kwaya inaimba zimene anasankha, ndipo ndinaona mayi anga akupita kutsogolo kukalandira. Ndinalira, koma mtima unali m'malo.

Anyamata anzanga, wodwala akayamba kukamba za maliro ake, musamutseke pakamwa, ndipo musalimbane ndi amene wawaitana. Sikuti akuitana imfa, akufuna kupita zinthu zake zili bwino. Musanakuwe, lowani m'nyumba mumufunse mwini wakeyo chimene akufuna. Ine ndinawapeza bambo akupumabe. Inu mwina mudzapeza atatseka kale maso.