Nthutumba ya pa Khirisimasi

Ngwee! Ngwee! Ngwee! Chinali chidutswa cha njanji chopachika mumtengo, pa famu ya fodya ku Halale kumene ndinagwira ntchito zaka zitatu. Kapitawo ankachimenya m'mawa uliwonse, ndipo chinkalira chimodzimodzi ngati cha pa katchalitchi ka kwathu, kufupi ndi Nambuma. Pa Khirisimasi sanachimenye. Ine ndinadzukabe nthawi yomweyo, n'kukhala pakhomo kuyang'ana mvula ikuwaza m'mizere ya fodya.

A kwathu tinalipo asanu pa famupo. Wamkulu wathu anali bambo wina wa imvi wa ku Nsaru, amene anachoka kumudzi ine ndisanabadwe. Panali anyamata awiri apachibale a ku Mpingu, olongolola kwambiri. Panali ine, wamng'ono pa onse. Wachisanu anali mnzathu wa ku Kabudula, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi.

Ameneyu ndiye ndinkamudikira. Mayi anga anamwalira ndili khanda, bambo sindinawadziwe, ndipo anandilera agogo. Iwo sankadziwa kulemba, ndipo mphunzitsi amene ankawalembera makalata anasamutsidwa. Chaka chinatha osamva kanthu. Pamene wa ku Kabudula ankapita kumudzi m'chilimwe, ndinamupatsira bulangete ndi sopo kuti akapatukire kwathu. Atabwera ndinamuthamangira. Anandigwira dzanja maso ali pansi.

"Ndatopa, mphwanga. Tikamba bwino pa Khirisimasi."

Tsikulo mzungu mwini famuyo anapha ng'ombe ya antchito onse, koma ife tinkafuna nkhuku ndi mpunga. Tinagula tambala kumudzi wina wapafupi, n'kuphika tokha pakhonde pa bambo a ku Nsaru. Dzuwa lili pamutu tinayala masaka n'kukhala mozungulira.

"Tambala ameneyu anaiona nkhondo ya Jeremani," anatero wamng'ono wa ku Mpingu, akukoka mwendo wake ndi foloko. "Mano anga ndikufuna ndibwerere nawo kumudzi, ndikakwatire."

"Akakwatiwe nawe ndani iwe?" anayankha mkulu wake. "Mwina wakhungu."

Tinaseka. Bambo a ku Nsaru anapemphera, kenako anayamba kugawa nyama. Ndinkayang'ana dzanja lawo, monga ndinazolowera kuyang'ana manja a anthu ogawa chakudya. Anafufuza mumphika ndi supuni, anapeza nthutumba, n'kuiika m'mbale mwanga.

Kwathu nthutumba sadya mwana. Ndi ya mwini nyumba, kapena mlendo wolemekezeka. Agogo ankaisungira atsibweni anga, ine ndikungomeza malovu.

"Aa, bambo, mwakalamba eti?" anafuula wamng'ono uja. "Mwalakwitsa mbale! Kamnyamata aka kadye nthutumba inu mulipo?"

Mkulu wake anamugunda ndi chigongono. Wa ku Kabudula anaweramira m'mbale mwake.

Pamenepo ndinadziwa. Kwathu munthu wanjala sauzidwa uthenga woipa. Ndili mwana ndinaona agogo akudyetsa mlamu wawo mpaka kukhuta, akumuonjezera ndiwo, ndipo atasamba m'manja m'pamene anamuuza kuti mwana wake wamira mumtsinje. Anzangawa anali atapangana. Anafuna ndidye kaye.

Ndiye ndinayamba kudya pang'onopang'ono. Ndinkatola mpunga timbewu tiwiri titatu, n'kutafuna nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti malinga ngati m'mbale mwanga muli chakudya, palibe anene kanthu, ndipo agogo akadali moyo. Nthawi ngati imeneyo akanakhala akuchokera ku Misa, akudutsa m'kanjira ka m'munda wa mtedza, mapazi ali matope okhaokha, ataima kuti azule udzu pamzere wa eni ake.

Anzanga anamaliza. Apachibale aja anayesa kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi, koma inathera panjira. Mvula inakata. Mpunga wanga unazizira, ntchentche zinayamba kutera, ndipo anthu anayi akuluakulu anangokhala kuyang'ana kumbali, kudikira ine. Kumakomboni a anzathu a mitundu ina kunkamveka ng'oma ndi kuseka kwa akazi.

"Idya, mwana wanga," anatero bambo a ku Nsaru. "Palibe kumene tikuthamangira."

Nthutumba ndinaisiya mpaka kumapeto. Ndinaidula kanayi. Ndinali nditailakalaka moyo wanga wonse, koma sindingakuuzeni mmene inakomera. Nditameza kachidutswa komaliza, bambo aja anatenga chikho n'kundithira madzi m'manja okha, munthu wa imvi kuthirira mwana. Kenako anadzuka.

"Anyamata inu, tiyeni tikaone ngati madzi alowa m'nyumba mwanga."

Nyumba yawo sinkadontha. Onse atatu analowa n'kutseka chitseko.

Wa ku Kabudula anapita kunyumba kwake n'kubwera atanyamula bulangete lija. Linali lomangabe ndi luzi limene ndinamanga ndekha, mfundo yake yomweyo.

"Ndinapeza atawaika kale, nthawi yokolola chimanga," anatero. "Sanadwale nthawi yaitali. Atsibweni ako anatenga sopo. Ili anati libwerere kwa mwini wake, kuno kumazizira."

Analiika m'manja mwanga akadali onyowa, anaima pang'ono, kenako anatsika pakhonde n'kulowera kumunda wa fodya.